C ya Organic Chemistry: kodi za udokotala ku America zathera pomwepa?

Funso

Ndine mtsikana wa ku Malawi, ndikuphunzira pa yunivesite ina ku America pa viza ya ophunzira ya F-1, ndipo ndangomaliza semesita yachitatu. Cholinga changa n'kudzalowa sukulu ya udokotala konkuno. MSCE ndinakhoza bwino kwambiri, koma kuno zinthu zandivuta. Pa makirediti (muyeso wa kukula kwa kosi) 24 a sayansi ndi masamu amene ndatenga, GPA yanga (avereji ya magiredi) ili pa 3.0, ndipo Organic Chemistry I ndapeza C. Mnzanga wina akuti ndibwereze kosiyo. Wina akuti nditole makosi ophweka a sayansi kuti GPA ikwere msanga. Ine ndimaganiza zotenga Organic Chemistry II, Physics, Genetics ndi Biochemistry semesita imodzi kuti ndionetse kuti ndingathe. Kodi ndisiyenso Biology ngati phunziro langa lalikulu? Kunyumba sindinawauze kanthu.

Yankho

Achemwali, mwachita bwino kulemba manambala enieni, chifukwa ambiri amangoti "zavuta" ndipo wolangiza amasowa pogwira. Chimene chikukusowetsani tulo ndichiyankhe msanga: C imodzi ya Organic Chemistry sinatseke khomo. Koma pa njira zitatu mwatchulazo palibe imene ndingakuvomerezeni mmene ilili, ndipo imene yandidetsa nkhawa kwambiri ndi yanu yomwe ija, ya makosi anayi olemera pakamodzi.

Tione kaye mmene magiredi anu adzawerengedwere, popeza GPA ya yunivesite yanu si imene masukulu a udokotala amayang'ana. Masukulu ambiri opereka digiri ya udokotala ya MD amalandira makalata ofunsira malo kudzera ku AMCAS, imene ili m'manja mwa AAMC, bungwe la masukulu a udokotala. Iwo amatenga giredi iliyonse imene munapeza pa koleji ya ku America n'kuiwerengeranso mwanjira yawo: A ndi 4.0, A- ndi 3.7, B+ ndi 3.3, B ndi 3.0, C ndi 2.0. Kenako amagawa miyulu iwiri. Mulu woyamba ndi wa Biology, Chemistry, Physics ndi masamu, umene amaufupikitsa kuti BCPM, ndipo ndiwo anthu amatcha GPA ya sayansi. Mulu wachiwiri ndi wa zina zonse. Saonetsa nambala imodzi yokha ayi. Amaonetsanso chaka ndi chaka, kotero wowerenga kalata yanu amaona ngati mukukwera kapena mukutsika. M'zaka zaposachedwa, amene amalowa sukulu za MD amakhala ndi GPA ya sayansi ya pafupifupi 3.7 mukaphatikiza onse, ndipo pa mayeso a MCAT, olowera sukulu ya udokotala, amapeza 511 kapena 512. Ofunsira malo amapitirira 50,000 pachaka, olowa sakwana theka. Ndiye 3.0 yanuyo ili pansi ndithu, sindikubisirani.

Mwayi wanu uli pa nambala ina mwalembayo: 24. Tengani cholembera. Makirediti 24 kuchulukitsa ndi 3.0 ndi mapointi 72. Tinene kuti pa masemesita asanu otsalawo mwatenganso makirediti 40 a sayansi n'kumapeza A- nthawi zambiri, ndiye kuti 3.7. Amenewo ndi mapointi 148. Kuphatikiza ndi 72 aja ndi 220, kugawa ndi makirediti 64, mwafika pa 3.44. Mutapeza A yekhayekha mungafike pa 3.6 n'kanthu. Tsopano yerekezani munthu amene wadzidzimuka mochedwa, ali kale ndi makirediti 60 pa 3.0. Khama lomwelo la makirediti 40 pa 3.7 limangomufikitsa pa 3.28. Kirediti iliyonse imene mwaonjezera ndi B- kapena C ikulemeretsa katundu amene mudzasenze pokwera. N'chifukwa chake semesita ikubwerayi ndi yofunika kuposa ina iliyonse, ndipo si yoyeserapo mphamvu.

Za kubwereza, mnzanuyo mwina wamva kuti yunivesite yanu imafufuta giredi yakale munthu akabwereza kosi. Mayunivesite ena amaterodi pa pepala lawo, koma AMCAS sitero: imawerenga zonse ziwiri, C yakale ndi giredi yatsopano. AACOMAS, imene imalandira makalata a sukulu za DO (digiri inanso ya udokotala ya kuno), inkalola giredi yatsopano kulowa m'malo mwa yakale, koma inasiya mu 2017. Ndiye mukabwereza n'kupeza A, mwaonjezera makirediti anayi a 4.0 pa mulu wanu, GPA n'kufika pa 3.14. Mukatenga kosi ina yatsopano ya makirediti anayi n'kupeza A, GPA ikufikanso pa 3.14 yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti A ya kosi yobwereza sidabwitsa munthu, chifukwa mwaimva kawiri, pomwe A ya Organic Chemistry II kapena Biochemistry imauza wowerenga kuti vuto lija linatha. Masukulu ambiri amalandira C pa makosi oyenera kukhala nawo. Mukanapeza C-, D kapena F ndikanati bwerezani, popeza ambiri sawerengera giredi yotsika kuposa C. Pali chifukwa chimodzi chokha chimene chingandisinthe maganizo: ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti C imeneyo munaipeza mwamwayi, ndipo za asidi ndi besi, maonekedwe a mamolekyu, SN1 ndi SN2 zikadali mdima. Apo kulowa gawo lachiwiri n'kumanga pa maziko osauma. Komabe ngakhale pamenepo, kawirikawiri chofunika ndi masabata anayi kapena asanu a tchuthi, buku lili patsogolo ndi mafunso a kumapeto kwa mutu uliwonse, osati semesita yathunthu ndi fizi yake.

Za makosi ophweka sinditalikitsa. AMCAS imaika kosi m'mulu wa BCPM poona zimene zikuphunzitsidwamo, osati dzina la dipatimenti, choncho n'zoona kuti kosi ya nyenyezi ya anthu osachita sayansi ingathe kukweza nambala pang'ono. Koma amene amawerenga makalatawa amaona mayina a makosi, ndipo aona mazanamazana. Akapeza C pa Organic Chemistry kenako mndandanda wa ma A pa makosi a chaka choyamba, amadziwa chimene chachitika. Kosi imodzi yopepuka yopumira pakati pa zolemera si tchimo. Kumanga chiyembekezo chonse pa izo ndiko kulakwa, ndipo sizikuthandizani tsiku la MCAT.

Tsopano maganizo anu aja. Ndikumvetsa kumene akuchokera. Munthu amene anazolowera kukhala woyamba m'kalasi akagwa kamodzi amafuna kubwezera nthawi yomweyo, onse aone. Koma taonani zimene mukudziunjikira: malabu awiri kapena atatu pa sabata, lililonse la maola atatu kapena anayi kuphatikizapo lipoti lake, ndi mayeso a pakati pa semesita amene amakonda kugwera sabata imodzi. Komanso m'mayunivesite ambiri Biochemistry imafuna kuti munthu akhale atadutsa kale Organic Chemistry, ndipo ngakhale atakulolani, mungaimve bwino mutamaliza gawo lachiwirilo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ma B- anayi pa makirediti 16 angakutsitseni kufika pa 2.88, ndipo simungathenso kunena kuti inali semesita imodzi yoipa. Semesita ikubwerayi tengani makosi awiri okha olemera a sayansi, ena akhale a mtundu wina. Mukapeza A kapena A- pa onse awiri, semesita yotsatira muonjezere lachitatu. Masukulu amafunadi kuona kuti mungasenze katundu wolemera, koma umboni umenewo muupereke m'chaka chachitatu ndi chachinayi, mutakonza kale kaphunziridwe.

Ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa kusankha makosi bwino sikungathandize ngati chimene chinabala C ija chikadalipo. Mwati MSCE munakhoza bwino. Ndikukhulupirira, ndipo ndikuganiza kuti njira imene inakupambanitsaniyo ndi imene ikukugwetsani. Kwathu mayeso a MSCE amabwera kamodzi kumapeto kwa Fomu 4. Munthu amakopera manotsi, amaloweza, amabwereza mapepala akale, ndipo akafika miyezi yomaliza amadzuka m'bandakucha n'kukoka zonse. Kuno giredi imamangidwa njerwa ndi njerwa kuyambira sabata yachiwiri: timayeso tating'ono, homuweki, malipoti a labu, mayeso awiri kapena atatu a pakati, kenako omaliza. Wodikira "nthawi yowerenga" amapeza theka la malikisi litapita kale.

Organic Chemistry ndiye imalanga woloweza mopanda chisoni. Ma reaction ake ndi ochuluka kwambiri moti simungawasunge onse ngati mndandanda, ndipo pulofesa pa mayeso amaika molekyu imene simunaionepo. Chimene akuyesa n'chakuti mukudziwa kumene ma electron achuluka ndi kumene akusowa, ndi chifukwa chimene akuyendera kuchoka uku kupita uko. Mukamvetsa zimenezo, ma reaction makumi angapo amasanduka nkhani zinayi kapena zisanu zongobwerezabwereza. Kuti mufike pamenepo, dzanja liyenera kujambula mivi ija tsiku lililonse, ngakhale kwa ola limodzi lokha, buku lili chitsekere. Kuwerenga yankho la m'buku n'kugwedeza mutu kuti "eya, n'zomveka" sikuphunzira. Mayeso enieni ndi pepala loyera.

Chitani ichi semesita isanayambe. Tengani mapepala anu onse a mayeso a Organic Chemistry I, ngati pulofesa anasunga ena mukapemphe kuwaona. Funso lililonse limene munataya malikisi, lembani pambali chifukwa chake: sindinkadziwa mfundoyo, kapena ndinkaidziwa koma sindinaizindikire itavala malaya ena, kapena sindinamve chimene funso likufuna, kapena nthawi inandithera. Mukawerenga mudzaona kuti chifukwa chimodzi chikuposa zinazo, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Wosadziwa mfundo abwerere ku buku, kawirikawiri mpaka ku General Chemistry, ku nkhani ya pKa. Wosazindikira achulukitse mafunso osakanikirana a mitu yosiyanasiyana. Wothedwa nthawi aziyeserera wotchi ili patebulo.

Kenako pali khomo la pulofesa. Ife tinaleredwa kuti mwana sagogoda pa ofesi ya aphunzitsi popanda kuitanidwa, ndipo kufunsa funso pagulu kumaoneka ngati kudzionetsa umbuli. Ndaona ana athu ambiri anzeru akuvutika okha m'chipinda pomwe anzawo a kuno amakhala pa ofesi ya pulofesa sabata iliyonse popanda manyazi. Maola amene pulofesa amaika oti ophunzira abwere ndi gawo la fizi imene ikulipidwa. Safunsa anadya phula. Pitani ndi funso limene mwaliyesa kale, mumuonetse pamene mwakakamira. Phindu lake ndi lapawiri, chifukwa mudzafunika makalata okuchitirani umboni ochokera kwa aphunzitsi a sayansi, ndipo pulofesa amene anakuonani mukuchoka pa C kufika pa A amalemba kalata yamphamvu kuposa amene anangoona dzina lanu pa mndandanda. Yunivesite yanu iyeneranso kuti ili ndi malo othandizira ophunzira kwaulere ndi mlangizi wa ofuna maphunziro a zaumoyo. Mukalembetse sabata yoyamba, osati mayeso oyamba atakupwetekani. Ndifunsenso chimene simunalembe: mumagwira ntchito maola angati pa sabata, mumagona maola angati, ndipo chisanu ndi kusungulumwa zikukuchitani bwanji? Nthawi zina C imachokera kumeneko, osati ku kemisitire.

Mukaona pakati pa semesita kuti kosi ikupita ku D, kuisiya tsiku lomaliza lololedwa lisanadutse kumaika W (chizindikiro choti munaisiya) pa pepala lanu, ndipo W salowa mu GPA ya AMCAS. W mmodzi amamveka, ambiri amadzutsa mafunso. Koma inu muli pa F-1, ndipo lamulo limafuna kuti mukhale ndi makirediti osachepera 12 pa semesita. Musasiye kosi iliyonse musanalankhule ndi ofesi ya ophunzira ochokera kunja. Anzanu a kuno sadzakukumbutsani zimenezi chifukwa siziwakhudza.

Makosi amene masukulu ambiri amafuna ndi odziwika: chaka chimodzi cha Biology, cha General Chemistry, cha Organic Chemistry ndi cha Physics, zonse ndi malabu ake, Chingerezi, ndi masamu kapena Statistics. Ambiri tsopano amafunanso Biochemistry, ena amailola kulowa m'malo mwa Organic Chemistry II. Mndandanda wa sukulu iliyonse uli mu MSAR, kaundula wa pa intaneti wa AAMC wofotokoza zimene masukulu amafuna, ndipo ndi bwino kuuona tsopano. Makosi amenewa muwatenge a giredi, osati ongolemba kuti wakhoza kapena walephera. Ndikanakhala inu, semesita yachinayi ndikanatenga Organic Chemistry II ndi Physics I, pambali Psychology ndi kosi ya kulemba. Chaka chachitatu Biochemistry, Physics II, Physiology, Genetics kapena Cell Biology, Statistics ndi Sociology, zogawidwa bwino m'masemesita awiri. Dongosolo limeneli likutsata MCAT. Kuyambira 2015 mayesowa ali ndi magawo anayi, lililonse la malikisi 118 mpaka 132, onse pamodzi 472 mpaka 528, ndipo Biochemistry imapezeka m'magawo awiri a sayansi, pomwe gawo lina ndi la Psychology ndi Sociology makamaka. Musalembe MCAT musanamalize makosi amenewa. Masukulu amaona malikisi a ulendo uliwonse umene mwalemba, ndipo munthu amaloledwa kasanu ndi kawiri kokha pa moyo wake wonse.

Gawo lotsalalo la MCAT, lotchedwa CARS, lilibe sayansi. Ndi nkhani zolemera za filosofi, mbiri, zaluso ndi zina, zoti muwerenge mwachangu n'kuzindikira chimene wolemba akutanthauza. Kwa ife amene Chingerezi tinachiphunzira kusukulu, gawo limeneli silikonzeka m'miyezi iwiri. N'chifukwa chake makosi "opumira" aja ndikufuna akhale okuwerengetsani masamba ambiri ndi kukulembetsani.

Izi zikutifikitsa pa funso la Biology. Masukulu a udokotala safuna digiri ya mtundu wakutiwakuti. Wochita mbiri kapena nyimbo amalowa bola akhale ndi makosi aja. Ngakhale Kamuzu Banda digiri yake ya ku University of Chicago mu 1931 inali ya mbiri, ndipo udokotala anakaumaliza ku Meharry Medical College mu 1937. Koma kwa inu pali zifukwa ziwiri zoti musafulumire kuchoka. Choyamba, mukufunika makirediti ambiri a sayansi apamwamba kuti mukweze 3.0 ija, ndipo digiri ya Biology imakupatsani amenewo popanda kuwasaka. Chachiwiri ndi viza. Womaliza digiri pa F-1 amaloledwa kugwira ntchito miyezi 12 pa chilolezo chotchedwa OPT, koma wa digiri ya sayansi ya m'gulu la STEM (sayansi, tekinoloje, uinjiniya ndi masamu) angathe kuonjezera miyezi ina 24. Ndi GPA imene ikufunika nthawi kuti ikwere, mwina mudzafunsira malo mutamaliza chaka chachinayi kuti magiredi ake awerengedwe, ndipo zaka zogwira ntchito mu labu kapena m'chipatala podikira zidzakhala zamtengo wapatali. Musiye Biology pokhapokha ngati mwapeza kuti simuikonda n'komwe.

Pali chinthu chachikulu kuposa C yanuyo chimene anzanu awiri aja sanatchule, ndipo ndingakulakwireni nditachisiya. Masukulu a MD ku America alipo oposa 150, koma amene amalandira makalata a ophunzira a viza sakwana theka, ndipo ngakhale amenewo amatenga ochepa kwambiri pachaka. Wophunzira wa viza saloledwa kutenga ngongole ya boma la America, imene ambiri amalipirira sukulu, ndipo masukulu ena amafuna umboni wa fizi ya chaka chimodzi mpaka zaka zinayi munthu asanayambe. Wokhala ndi green card, chilolezo chokhala kuno mokhazikika, amaonedwa ngati nzika pa nkhaniyi, wa F-1 ayi. Tanthauzo lake n'lakuti 3.44 imene ingalowetse nzika ya kuno yokhala ndi MCAT yabwino, kwa inu ingakhale yoperewera. Sindikunena izi kuti musiye. Ndikunena kuti mwezi uno mutsegule MSAR, mulembe masukulu amene amalandira anthu a viza, muone magiredi amene amatenga ndi mmene amathandizira pa fizi, kuti mudziwe phiri lenileni limene mukukwera. Masukulu ena a DO amalandiranso ochokera kunja, ndipo dziwani kuti AACOMAS siika masamu mu GPA ya sayansi, zimene zingasinthe nambala yanu ngati masamu ndi ena mwa amene anakutsitsani.

Muyang'anenso kunja kwa America mudakali ndi nthawi. Ku Britain kuli maphunziro a udokotala a zaka zinayi a anthu amene ali kale ndi digiri, olowera pa mayeso a UCAT kapena GAMSAT, ngakhale fizi ya alendo ndi yokwera. Kwathu, College of Medicine imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, ndipo madokotala ake a MBBS akugwira ntchito m'zipatala za m'dziko muno ndi kunja. Alembereni a ofesi yolembetsa ophunzira, akuuzeni zimene amafuna kwa munthu wobwera ndi digiri ya sayansi. Ena adzakuuzani kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma pano njira zonsezi zikufuna chinthu chimodzi chomwecho, magiredi abwino a sayansi, ndiye kuzidziwa sikukugawani mphamvu.

Kunyumba auzeni, achemwali, ndipo musadikire kuti magiredi akwere kaye. Makolo ambiri kwathu amadziwa njira ya MSCE kenako molunjika ku udokotala, ndipo sadziwa kuti kuno munthu amayamba wamaliza digiri ya zaka zinayi, n'kupikisananso kuti alowe zaka zina zinayi. Afotokozereni zimenezo poyamba, kenako muwauze za C ija pamodzi ndi makosi awiri amene mwasankha semesita ikubwerayi ndi tsiku limene mukaonane ndi pulofesa. Mukatha kuwerenga zifukwa zimene munatayira malikisi pa mapepala aja, mundilemberenso mundiuze chimene chachuluka, tidzaone ngati Physics I ikhale semesita ino kapena idikire.